Pakona ya Namwino: Zina zimafuna kujambula



Mwezi wathawu pa wodi yathu tinalandiranso bambo ena achikulire amene tinali titawatulutsa sabata imodzi yokha m'mbuyomo. Anabwera atathyoka mkono. Anagwa popita kuchimbudzi, ulendo wachinayi usiku umodzi. Titafufuza, tinapeza kuti furosemide, pilitsi lochotsa madzi m'thupi lija, ankamwa pogona m'malo mwa m'mawa. Tsiku lotuluka anapatsidwa mitundu 6 ya mankhwala, wina anawafotokozera zonse bwinobwino, iwo n'kumangogwedeza mutu. Wofotokozayo ndinali ine.

Mukutikumbukira timatumba ta mankhwala ta kuchipatala cha boma kwathu? Pamakhala dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa, ndi mwezi. Wopereka mankhwala amangolemba 1 kapena 2 pansi pa chithunzi, basi. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amamwa molondola. Kuno kwa makompyuta amakumatira kapepala ka Chingerezi, zilembo zake ngati nyerere, ndipo munthu wodwala, wotopa, woiwala magalasi kunyumba, akuyenera kusunga zonsezo m'mutu. Pa ichi chokha ndimati kwathu anatiposa.

Ambirife tili ndi makolo amene amabwera kudzaona zidzukulu atanyamula mankhwala a BP kapena a shuga. Ife timachoka m'mamawa kupita ku shifiti. Ndiye tengani pepala lalikulu ndi peni yakuda yonenepa. Pamwamba jambulani dzuwa la m'mawa, la masana, la madzulo, ndi mwezi. Kumanzere lembani dzina la mankhwala alionse m'zilembo zikuluzikulu, mzere wakewake. Pamene akuyenera kumwa ikani kampira, timipira tiwiri ngati mapilitsi ndi awiri, ndipo ngati ndi omwera pa chakudya onjezani kambale. Musadzaze pepala ndi mawu. Malo opanda kanthu amathandiza diso. Chonde musalembe kuti "koyera kaja" kapena "kapinki". Ku famase amasintha kampani yopanga, ndipo pilitsi lomwelo mwezi wamawa lingabwere ndi mtundu wina.

Mukamaliza musafunse kuti "Mwamva, Amayi?" Adzavomera, poopa kukuvutitsani. Apatseni pepalalo ndi mabokosi a mankhwala, munene kuti, "Amayi, tandionetsani zimene mumwe mawa mukadzuka." Akakayika penapake, cholakwa ndi chojambula chanucho, konzani. Kenako kaonetseni wa ku famase aone ngati zikugwirizana ndi zimene dokotala analemba, ndipo GP akasintha mankhwala, ng'ambani lakalelo.

Ophunzira ena amaona ngati kujambula ndi masewera a ana a mkaka. Ntchito yathu ino ya unamwino ili ndi mbiri ina. Florence Nightingale, atabwerako ku nkhondo ya ku Crimea kumene anasamalira asilikali ku Scutari kuyambira 1854, anali ndi manambala ambiri a imfa, koma akuluakulu a boma sachedwa kutopa ndi manambala. Mu 1858 anatulutsa chithunzi chozungulira chogawidwa zigawo 12, mwezi uliwonse chigawo chake. Buluu anali akufa ndi matenda opeweka, kufiira akufa ndi mabala, kuda akufa ndi zina. Buluu anadzaza pepala. Aliyense anaona yekha kuti uve wa m'zipatala ndi m'misasa unkapha asilikali kuposa zipolopolo. Mukamakonza ntchito ya kukoleji, dzifunseni chinthu chimodzi chimene mukufuna munthu aone asanawerenge liwu lililonse, ndipo chimenecho chikhale chachikulu.

Chinanso ndi khungu lathuli. Mabuku amene ndinaphunzira nawo ankati totupa timaoneka tofiira, zithunzi zake zonse za azungu. Pa mwana wanga kufiirako sikuoneka. Mu 2020 Malone Mukwende, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala ku St George's ku London, anatulutsa pamodzi ndi aphunzitsi ake kabuku kotchedwa Mind the Gap, koonetsa zizindikiro za matenda pa khungu lakuda. Masiku ano ma GP ambiri amapempha chithunzi cha pa foni asanakuoneni. Jambulani masana pafupi ndi windo, osayatsa fulashi, ikani kandalama pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo jambulaninso mbali inayo ya thupi imene ili bwino kuti afananize.

Bambo aja atuluka Lachiwiri lapitali, pepala lawo lili m'thumba la jekete. Ananditsimikizira kuti akalimata pa fuliji, ngakhale anadandaula kuti dzuwa langa likuoneka ngati dzira lokazinga.