Kusunga chakudya pa nthawi ya mliri: phunziro lomwe boma la Ntcheu likupereka

NTCHEU, Mana: Pamene boma linalengeza pa 14 Epulo 2020 kuti dziko lino likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa matenda a Covid-19, Amalawi anali ndi masiku anayi okha oti akonzekere. Masiku anayiwo anaonetsa poyera kuti kugula ndi kusunga chakudya cha masabata atatu n'chinthu chomwe ndi anthu owerengeka okha angakwanitse, makamaka m'maboma monga la Ntcheu komwe moyo wa ambiri umadalira munda, dimba ndi msika.

Yemwe anali nduna ya zaumoyo panthawiyo, a Jappie Mhango, ndiwo analengeza kuti m'bindikirowo uyamba pakati pa usiku wa pa 18 Epulo ndipo utha pa 9 Meyi. Apa n'kuti mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Peter Mutharika, atalengeza kale pa 20 Malichi kuti dziko lili pangozi, sukulu zitatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi, komanso anthu atatu oyamba atapezeka ndi matendawa mumzinda wa Lilongwe pa 2 Epulo.

Uthengawu anthu anaulandira mosiyana malingana ndi matumba awo. M'mizinda, omwe amalandira malipiro a pamwezi anakhamukira m'masitolo akuluakulu kukagula shuga, mafuta ophikira, mpunga, sopo ndi mankhwala osamba m'manja, monga momwe zinkachitikiranso m'maiko ena. Koma mavenda ku Mzuzu, Blantyre ndi madera ena anatuluka mumsewu kuchita zionetsero, ponena kuti ngati sagulitsa lero ndiye kuti mabanja awo agona ndi njala lero lomwelo.

Boma la Ntcheu, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 650,000, ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi chifukwa lili ndi mbali ziwiri. Ndi boma lomwe limadyetsa mizinda, komanso ndi boma lomwe anthu ake ambiri amagula zofunika pakhomo pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Mbali yoyamba ikuonekera kwa aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano, pa Kampepuza ndi misika ina ya m'mbali mwa msewuwu pamakhala milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi, karoti ndi nyemba. Katunduyu amachokera kumapiri ozizira a kumalire ndi dziko la Mozambique, ndipo gawo lina amachokera kutsidya, m'maboma a Angónia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete, poti pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire a maiko awiriwa. Ogula ambiri sakhala anthu a ku Ntcheu, koma amalonda odzapikula ochokera m'mizinda komanso apaulendo.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Tomato wakupsa sadikira masiku 21, kabichi wodula sachedwa kufota, ndipo kachewere wokumba akakhalitsa amayamba kuola kapena kumera. Pa kalembera wa 2018 zinadziwika kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'dziko lino, pafupifupi 11 okha ndiwo anali ndi magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerochi chinali chotsika kwambiri. Motero mlimi wa ku Tsangano analibe pomwe akanasungapo mbewu zake, pamenenso wogula wa ku Ndirande kapena ku Kawale analibe fuliji yosungiramo ndiwo za masabata atatu.

Izi zikutanthauza kuti msewu ukanatsekedwa, dziko likanaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndiwo kuolera pansi ku Ntcheu mitengo itagweratu, kwinaku m'mizinda ndiwo zomwezo zikusowa mitengo itakwera. Kusowa kwa chakudya kotereku sikubwera chifukwa choti anthu sanakolole, koma chifukwa choti njira yochokera kudimba kupita kumphika yadulidwa pakati.

Mbali yachiwiri ndi ya kagulidwe ka anthu. Banja wamba ku Ntcheu, kaya ndi kwa Ganya, kwa Njolomole, kwa Kwataine kapena kwa Makwangwala, siligula mafuta ophikira a malita asanu kapena belo la shuga. Limagula mafuta a m'kachubu, shuga wopima m'kapepala, chidutswa cha sopo ndi kamulu ka usipa kapena bonya, pogwiritsa ntchito ndalama yomwe yapezeka tsikulo kuchokera ku ganyu, kabaza, kugulitsa zitumbuwa kapena mulu wa tomato.

Kafukufuku wa moyo wa m'mabanja yemwe nthambi yoona za chiwerengero cha anthu ndi zinthu ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti theka la anthu m'dziko lino ndi osauka, ndipo kumudzi anali oposa theka. Kwa anthu oterewa, golosale ya pamudzi ndi msika wa pasabata ndizo nkhokwe yawo ya mchere, sopo ndi mafuta. Kutseka msika n'chimodzimodzi kuwatsekera nkhokweyo, ndipo kumawalandanso pomwe amapezera ndalama yoguliramo.

Pali chinanso chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Kugula mochuluka komwe anthu opeza bwino amachita pa nthawi ya mantha kumapweteka osauka. Mwini golosale wa ku Kasinje kapena ku Bilira amakapikula katundu m'masitolo a paboma, ku Balaka kapena m'mizinda. Katundu akagulidwa mwaphuma kumeneko, iye amabwerako ndi wochepa kapena wokwera mtengo, ndipo amene amalipira kusiyanako ndi mayi wogula kachubu kamodzi. Mayendedwe nawo anakwera mtengo pamene minibasi zinalamulidwa kuchepetsa chiwerengero cha anthu okwera, ndipo zotere zimakathera pa mtengo wa katundu. Bungwe loona kuti malonda akuchitika mwachilungamo la Competition and Fair Trading Commission linachita kuchenjeza amalonda omwe anapezerapo mwayi wokweza mitengo ya zinthu zodzitetezera ku matendawa.

Ngakhale zinali choncho, dziko lino silinafike posowa chakudya monga ambiri ankaopera, ndipo zifukwa zake n'zitatu.

Choyamba ndi nyengo. Mliriwu unafika m'mwezi wa Epulo pamene anthu amakhala akuyamba kukolola. Chaka chimenecho dziko lino linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni, chomwe chinali chokwanira kudyetsa mtundu wonse. Mtengo wa chimanga, womwe unali wokwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, unayamba kutsika, moti m'misika yambiri unafika pansi pa K200 pa kilogalamu yomwe boma linakhazikitsa ngati mtengo woyambira pogula kwa alimi. Chilengezo chomwecho chikanabwera mu Januwale, mwezi womwe nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, nkhani ikanakhala ina.

Chachiwiri ndi choti katundu wochokera kunja sanaleke kulowa. Ngakhale dziko la South Africa, komwe kumachokera katundu wambiri wa m'masitolo akuluakulu, linayamba m'bindikiro wake pa 27 Malichi, magalimoto onyamula katundu analoledwa kupitiriza kudutsa m'zipata monga cha Mwanza ndi Dedza, ngakhale mochedwerapo kaamba ka kupima madalaivala. Shuga naye amapangidwa konkuno, ku Nchalo, Dwangwa ndi Salima.

Chachitatu, chomwenso ndi chachikulu, ndi choti m'bindikirowo sunachitike. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, woweruza milandu ku bwalo lalikulu, a Kenyatta Nyirenda, anapereka chiletso kutsatira pempho la bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Human Rights Defenders Coalition ndi anthu ena, omwe anadandaula kuti boma silinakonze njira yothandizira osauka pa masiku omwe akhale ali m'nyumba. Mu Sepitembala chaka chomwecho, oweruza atatu anagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Si onse omwe anakondwa ndi chiletsochi. Akatswiri ena a zaumoyo ankaopa kuti popanda kuchepetsa mayendedwe a anthu, matendawa afala msanga ndipo zipatala zathu sizikwanitsa. Nkhawayi sinali yopanda maziko, chifukwa mu Januwale 2021 mliriwu unabweranso mwamphamvu ndi kupha anthu ambiri, kuphatikizapo nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zomwe zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale. Pofika nthawi yomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi ya dziko lonse lapansi, Amalawi oposa 2,600 anali atataya miyoyo yawo.

Komabe n'zochititsa chidwi kuti ngakhale mu Januwale 2021 zinthu zitafika poipa chomwecho, boma la a Lazarus Chakwera, lomwe linalowa m'malo mu Juni 2020, silinatseke misika kotheratu. Linalamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo ndi kuti anthu asamayende kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Ichi chinali chivomerezo choti m'dziko lino msika ndi gawo la moyo, osati malo ongopitako munthu akafuna.

Nanga thandizo lomwe odandaula aja ankafuna linafika kwa ndani? Kumapeto kwa Epulo 2020, boma linalengeza kuti lizipereka K35,000 pamwezi kwa mabanja pafupifupi 172,000. Ndondomekoyi inalunjika mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo ndalamazo zinayamba kufika m'manja mwa anthu mu 2021. Ku Ntcheu, ngati m'maboma ena, chomwe chinalipo ndi Mtukula Pakhomo, yemwe panthawiyo ankafikira banja limodzi mwa mabanja khumi aliwonse, makamaka ovutikitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito. Mlimi wa kabichi, wakabaza wa pa Mphate ndi mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu sanali pa mndandanda uliwonse, ngakhale kuti ndiwo akanayamba kumva ululu msewu ukanatsekedwa.

Mabanja ena m'bomali anataya gwero linanso la ndalama. Achinyamata ambiri omwe amagwira ntchito ku South Africa ntchito zinawathera, ndipo kuyambira mu Meyi 2020 mazanamazana anayamba kubwerera pa mabasi kudzera ku Mwanza. Amene ankatumiza ndalama kumudzi anasanduka pakamwa pena pofuna nsima.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Chichokereni Covid-19, dziko lino ladutsa mu mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 womwe unapha anthu oposa 1,700, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, komanso ng'amba ya 2024 yomwe inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Ndalama ya kwacha nayo inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe zinachititsa kuti banja lomwe linkalephera kugula chakudya cha masabata atatu mu 2020 lizilephera kwambiri.

Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1991. Koma lamulo palokha silidyetsa munthu. Zomwe zinachitika mu 2020 zikulozera ku zinthu zingapo zoti khonsolo ya Ntcheu, mafumu motsogozedwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani V komanso boma azikonzeretu mliri wina usanafike.

Pafunika kugwirizana pasadakhale kuti pa mliri uliwonse galimoto zonyamula chakudya ziziyenda, ndi kuti misika monga ya Lizulu ndi Tsangano izikulitsidwa malo, kuikidwa madzi ndi sopo, m'malo moitseka. Pafunikanso kuti kaundula wa mabanja ofunika thandizo akhale wokonzeka nthawi zonse, mokhudzanso amalonda ang'onoang'ono a kumudzi, kuti ndalama zizifika m'masiku osati m'miyezi. Misika ya Admarc, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikupezeka yopanda chimanga pa nthawi yomwe anthu akuchifuna, iyenera kukhala ndi chimanga pafupi ndi anthu, poti njala ya 2002, yomwe inadza nkhokwe za dziko zitagulitsidwa, inaphunzitsa kale mtundu uno kuopsa kwa nkhokwe yopanda kanthu.

Pakhomo napo pali udindo. Kusunga kwenikweni komwe banja la ku Ntcheu lingathe sikugula mwaphuma tsiku la chilengezo, koma kupewa kugulitsa chimanga chonse pa mtengo wozizira nthawi yokolola, kuchiteteza kwa anankafumbwe ndi mankhwala kapena matumba osalowa mpweya, kufutsa ndiwo zamasamba monga ankachitira makolo, ndi kusunga kangachepe ku banki m'khonde. Alangizi a zaulimi ali ndi ntchito yolimbikitsa zimenezi chaka chili chonse, osati pokhapokha kukagwa zovuta.

Funso lomwe mavenda ndi bwalo la milandu anafunsa mu Epulo 2020 likadalipo, ndipo aliyense wodzalamula anthu kuti akhale m'nyumba adzayenera kuliyankha asanalengeze tsiku: kodi anthuwo adzadya chiyani, nanga zomwe alima adzagulitsa kwa yani?