Wopulumuka pofuna kudzipha amakhala akadali pangozi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha, ndipo amene amayesa koma n'kupulumuka ndi ochuluka kuposa pamenepo. Kuno ku Malawi, malipoti a polisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja.

Komatu angongole ndi ambiri, ndipo si onse amene amafika poganiza zodzipha. Madokotala akamapima opulumuka amapeza kuti ambiri anali kale ndi matenda a kukhumudwa kwambiri: kusowa tulo, kusafuna chakudya, kudzipatula ndi kudziona ngati katundu wolemetsa abale. Ena ndi akapolo a mowa ndi chamba, ena atopa ndi matenda okhalitsa kapena nkhanza za panyumba. Ganizo lomaliza nthawi zambiri limadza mwadzidzidzi, choncho mankhwala a m'munda osungidwa poyera amawonjezera ngozi. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri otere, chiwerengero cha odzipha chinatsika koposa theka kuchokera mu 1995.

Koma chizindikiro chachikulu koposa ndi ichi: amene anayesapo kudzipha ndiye ali pangozi yoyesanso, makamaka m'miyezi yoyambirira atatuluka m'chipatala. Chomvetsa chisoni n'chakuti imeneyi ndi nthawi yomwe ife timayamba kumunong'ona, kumuseka ndi kumuthawa.

Mpingo umaphunzitsa kuti moyo ndi mphatso ya Mulungu ndipo kudzipha n'kulakwa kwakukulu. Komabe Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2282 ndi 2283, amanena kuti kudwala maganizo ndi mantha aakulu zingachepetse mlandu wa munthu, ndi kuti Mpingo umapempherera anthu otere. Malamulo a Mpingo a 1983 satchulanso odzipha pakati pa omanidwa mwambo wa maliro.

Tsono akatekisti ndi atsogoleri a miphakati asadikire maliro. Muyendereni wopulumukayo sabata ndi sabata. Mufunseni mwachindunji ngati maganizo aja akumubwererabe. Kufunsa sikumuika m'mayesero. Chotsani mankhwala oopsa m'nyumbamo, ndipo muperekezeni ku chipatala cha boma, ku Zomba Mental kapena kwa St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pemphero ndi chithandizo cha dokotala sizilimbana.