Zipani Sizinabweretse Tsankho

Mkonzi,

Amene analemba kuti zipani zambiri ndizo zinabweretsa tsankho la mitundu mu Zambia walakwitsa. Tsankholo linalipo kale: mu 1967 chipani cholamula cha UNIP chomwecho chinagawikana potsata zigawo pamsonkhano wa ku Mulungushi. Ulamuliro wa chipani chimodzi unangotseka anthu pakamwa. Mu 1972 Simon Kapwepwe anatsekeredwa, chipani chake cha UPP n'kuletsedwa, ndipo kuyambira 1973 Kenneth Kaunda ankaima yekha pachisankho.

Akutinso kampeni imadzetsa ziwawa. N'zoona, koma mankhwala ake ndi kumanga omenya anzawo, osati kulanda anthu voti. Ufa utakwera mtengo mu 1990, anthu osowa kokadandaula anachita zipolowe, ena anafa. Koma mu 1991, 2011 ndi 2021 boma linasintha ndi voti, ogonja natula pansi udindo. Ufulu umenewu tisaugulitse.

Wowerenga,
Dambwa, Livingstone