Ndani Anamutumiza Tess Kukhitchini?

Lero tiyeni tikambeko za filimu. Ndi yakalekale, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, dzina lake Woman of the Year. Inatuluka ku America mu 1942, koma mpaka pano oionera akumakanganabe. Ena amati ndi filimu yachikondi yokoma, yoti mwamuna ndi mkazi wake aonere limodzi n'kumaseka. Ena amati imayamba bwino koma imathera pomunyoza mkazi. Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo sitibisa.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ndi iyi. Tess Harding (Katharine Hepburn) ndi mtolankhani wotchuka, amalemba za ndale za mayiko, amalankhula zinenero zambiri, ndipo akuluakulu a mayiko amamudziwa. Sam Craig (Spencer Tracy) amalemba za masewero pa nyuzipepala yomweyo ku New York. Amayamba ndi mkangano, Tess atanena pa wailesi kuti masewero a baseball ayambe aima kaye mpaka nkhondo itatha. Sam amapsa mtima, amayankhana kudzera m'nyuzipepala, kenako amakumana maso ndi maso, basi chikondi n'kuyamba. Amakwatirana.

M'banjamo zinthu siziyenda. Foni ya Tess siipuma, mlembi wake Gerald sachoka pakhomo, alendo amabwera ngakhale usiku wa ukwati. Kenako Tess amatenga mwana wothawa nkhondo wa ku Greece, dzina lake Chris, kuti azimulera, osamufunsa Sam. Tsiku loti akalandire mphoto ya mkazi wopambana wa chaka, amafuna kumusiya mwanayo yekha m'nyumba. Sam amamubweza mwanayo kumalo osungirako ana amasiye, iyenso n'kusamuka.

Ndiye pamabwera mathero amene anthu amakanganirana aja. Tess amalowa mwakachetechete m'nyumba ya Sam m'mamawa kuti amuphikire chakudya cham'mawa, abweze banja lake. Abale inu, zimavuta! Khofi akusefukira, buledi akudumpha m'makina, ma waffle akufufuma ngati ali ndi moyo chifukwa wathiramo yisiti. Mkazi wolankhula zinenero zonse zija akulephera kuswa dzira. Anthu amaseka mpaka misozi. N'zoseketsadi, sitikukana. George Stevens, amene anatsogolera filimuyi, anayamba ntchito ngati wojambula mafilimu a Laurel ndi Hardy, ndiye zoseketsa anthu ankazidziwa bwino.

Koma pali chinthu chimene ambiri oseka sachidziwa. Mathero amenewa si amene analembedwa poyamba. Olemba filimuyi, Ring Lardner Jr. ndi Michael Kanin, anali ataimaliza mwanjira ina: Sam amapita kukaphunzira zinenero kuti aliyandikire dziko la mkazi wake, ndipo Tess amagwira ntchito ya Sam yolemba za nkhonya. Aliyense amasuntha phazi kupita kwa mnzake. Kampani ya MGM itaionetsa kwa gulu la anthu filimu isanatuluke, kuti imve maganizo awo, mathero amenewo sanalandiridwe bwino. Akuluakulu a filimuyo anaganiza kuti oonera, makamaka amayi apakhomo, akufuna kumuona mkazi wopambanayu atatsitsidwako. Ndiye anajambula mathero ena, akukhitchini aja. Hepburn sanawakonde. Olemba aja sanawakondenso, ngakhale pambuyo pake analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu yomweyi.

Mwamva eti? Amene anamutumiza Tess kukhitchini si mwamuna wake. Ndi oonera, pamodzi ndi mabwana amene ankaopa kuti ndalama za matikiti ziwadutsa. N'chifukwa chake ife timati maganizo a oonera si nkhani yaing'ono. Zimene timaseka, zimene timaombera m'manja, ndi zimene opanga mafilimu amatiphikiranso mawa.

Tsono tiyeni tiwamvetsere oikonda filimuyi, chifukwa si zonse zimene amanena zili zopanda pake. Amati Tess anali wodzikonda. Zoona. Kutenga mwana osamufunsa mnzako wa m'banja n'kulakwa. Kufuna kumusiya mwana wamng'ono yekha usiku chifukwa cha phwando n'kulakwa kwambiri. Mwana si chokongoletsera mbiri ya munthu. Pamenepo Sam anali ndi chifukwa chodandaulira, ndipo ife sitiikira kumbuyo zolakwa chifukwa choti wachita ndi mkazi.

Koma taonani chilango chake. Walakwira mwana ndi mwamuna wake posawapatsa nthawi, ndiye mankhwala ake akhale kuphika? Zikugwirizana pati? Akanakhala pansi n'kupepesa, akanauza mlembi wake kuti madzulo foni izidikira, bwenzi tikuti walapa pa zimene analakwa. M'malo mwake filimu imatiuza kuti vuto lake lenileni n'loti sadziwa poto ndi chiwaya. Ndipo Sam amafika pomunena kuti si mkazi n'komwe. Ukazi wa munthu ukuyesedwa ndi khofi, zoona?

Tembenuzani nkhaniyi muone. Akanakhala Sam ndiye wotchuka, wotanganidwa, wobwera kunyumba mochedwa ndi alendo, oonera akanati chiyani? Akanati ndi bambo wolimbikira ntchito, mkazi apirire. Palibe akanafuna kumuona akuchita manyazi ndi mazira kuti tikhulupirire kuti amakonda banja lake. Khalidwe lomwelo, kwa mwamuna ndi khama, kwa mkazi ndi matama. Mawu amenewa si achilendo m'makutu mwathu. Ndi angati mwa ife amene anauzidwapo kuti sukulu ikachuluka amuna adzakuthawa?

Ena amati, aaa inu, mwaiwala kuti pamapeto penipeni Sam amamuuza kuti sakufuna kuti asiye ntchito? Sitinaiwale. Tess amalonjeza kusiya zonse kuti akhale mayi wapakhomo, ndipo Sam amakana, n'kunena kuti akhale pakatikati, azitchedwa Tess Harding Craig. Mawu abwino ndithu. Koma taonani amene akupereka chilolezo ndi ndani, komanso nthawi imene akuchiperekera. Wayamba wamuonerera akuvutika, oonera aseka mokwanira, kenako ndiye akumukhululukira. Nanga Sam iyeyo wasinthapo chiyani? M'mathero oyamba aja ankapita kusukulu ya zinenero. M'mathero amene tinapatsidwawa wangodzuka kutulo n'kupeza mkazi ali kale kukhitchini. Mutu umodzi susenza denga, komatu apa denga lonse alisenzetsa Tess.

Pali enanso amene amati tisaiweruze ndi maso a lero, inali nthawi imeneyo. Koma nthawi imeneyo inali yotani? Filimuyi inatuluka patangopita milungu yochepa America italowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu December 1941. M'zaka zotsatira amayi mamiliyoni a ku America analowa ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi pamene amuna anali kunkhondo. Atolankhani achikazi otchuka analipo kale, monga Dorothy Thompson, amene anthu ambiri amati ndiye ankafanana ndi Tess. Hepburn mwiniwake ndi amene anatenga nkhaniyi kupita nayo ku MGM, n'kukambirana nawo za malipiro ngati munthu wodziwa mtengo wake. Ndiye tisanamizane kuti anthu a 1942 sakanatha kuganiza mathero ena. Anawaganiza, anawalemba, anawajambula. Anangowachotsa.

Kodi tikuti musaionere? Ayi ndithu, ioneleni. Iyi inali filimu yoyamba mwa mafilimu 9 amene Hepburn ndi Tracy anasewera limodzi, ndipo mmene amayang'anirana muona chifukwa chake anthu ankawakonda. Mu 1999 Library of Congress inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa. Muli mkazi amene amalowa m'chipinda anthu n'kukhala chete kuti amve zimene anene, ndipo kamera imamukonda. Kwa ola loposa limodzi filimuyi imationetsa kuti mwamuna angathe kugwa m'chikondi ndi mkazi womuposa mbiri. Zimenezo n'zamtengo wapatali, ndipo mphindi zomaliza zija sizingazifafanize.

Chimene tikupempha n'choti tizionera maso ali otsegula. Kuphika si chinthu chochititsa manyazi. Ambiri a ife timaphika tsiku ndi tsiku, ena timakonda, ena timangochita poti anthu ayenera kudya. Chimene tikukana n'kusandutsa khitchini kukhala bwalo la milandu loti mkazi aliyense wopita patsogolo azikagwadako. Banja likagwedezeka, onse awiri asunthe. Wotanganidwa apeze nthawi, wodandaula alankhule m'malo mongolongedza katundu, ndipo amene ali ndi njala ayatse moto.

Ndiye mukamaonera filimu ya chikondi, yakale kaya yatsopano, ikafika pamene holo yonse ikuseka, tadzifunsani kuti tikuseka ndani, ndipo walakwa chiyani. Anthu ochepa chabe amene anaitanidwa kukaonera filimu isanatuluke anasintha mathero amene dziko lakhala likuonera kwa zaka zoposa 80. Ngati oonera ali ndi mphamvu yotere, ifenso ndife oonera.

Inu amene munaionera, mukuti bwanji? Tess anayenera kupepesa ndi chakudya cham'mawa, kapena Sam nayenso akanapita kusukulu kuja? Tiuzeni, tikumva.