CILOLEZO CA OPOPELA MANKHWALA A UDZUDZU: KODI NDALAMA ZOLIPILA ZITETEZA ANTHU?

Nyengo ya mvula ikayandikila, nchito yopopela mankhwala ophela udzudzu m'manyumba imakula muno m'dziko. Ina imayendetsedwa ndi Unduna wa za Umoyo kupyolela m'bungwe la National Malaria Elimination Centre, pomwe ina imagwilidwa ndi makampani omwe anthu amalipila okha. Funso lofunika n'lakuti: kodi munthu amene walowa m'nyumba mwanu ndi pampu kumsana analoledwa ndi yani?

Lamulo loteteza cilengedwe la caka ca 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Malinga ndi lamuloli, pamodzi ndi malamulo a zilolezo a mu 2013, aliyense amene aitanitsa kunja, kusunga, kunyamula kapena kugawa mankhwala ophela tizilombo ayenela kukhala ndi cilolezo. Ndalama zolipila ku boma zimawelengedwa m'mayuniti, ndipo mu 2024 mtengo wa yuniti imodzi unakwela kucoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee.

Cifukwa cokhalila ndi cilolezo cioneka bwino m'mbili ya nchitoyi. Kampani ya migodi ya Konkola inayamba kupopela m'manyumba ku Chingola ndi ku Chililabombwe mu 2000, ndipo boma linatsatila mu 2003, kugwilitsa nchito DDT ndi mankhwala a gulu la pyrethroid. Pofika ca m'ma 2010, akatswili anapeza kuti udzudzu wofalitsa malungo m'madela ena sunali kufanso ndi mankhwalawa. Boma linakakamizika kusinthila ku ena okwela mtengo, monga pirimiphos-methyl.

Apa ndipo pagona nkhani. Wopopela wosaphunzila amene asungunula mankhwala ndi madzi ambili amasiya udzudzu wolimba uli moyo, ndipo umaswana. Amene awonjezela muyeso amaika pangozi ana, nkhuku ndi madzi a m'citsime. Colakwa ca munthu mmodzi cimavutitsa mudzi wonse.

Komabe ndalama za cilolezo zili ndi mbali ziwili. Zikacepa kwambili, oyendela nchito amasowa zoyendela kukafika ku maboma akutali monga Lundazi ndi Chama. Zikaculuka, wamalonda wamng'ono wa m'komboni amaleka kulembetsa n'kumagwila nchito mobisa, kumene palibe womuona. Kampani yaikulu ya mu Lusaka siimva kulemela kumene amamva mnyamata wa pampu imodzi.

Motelo muyeso wa cilolezo si ndalama zimene boma latolela, koma ngati wocilandila anaphunzitsidwa, ali ndi zovala zodzitetezela, ndipo adziwa kotaya zotsala za mankhwala.

Nayenso mwini nyumba ali ndi mbali yake. Asanatsegule citseko, afunse kuona cilolezo ca kampani ndi dzina la mankhwala, kapena atsimikize ku cipatala capafupi kuti gululo latumidwa ndi Unduna wa za Umoyo.