Musanalipire fizi, kaoneni kumene mudzagona

Zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka, achinyamata amene amatiimbira foni ku wailesi amakhala ndi mafunso awiri chabe: "Ndi mapointi angawa angandilandire kuti?" ndi "Fizi ndi zingati?" Sitinamvepo wina akufunsa kuti, "Kodi ine, mmene ndililimu, ndingakhale kumeneko zaka zitatu kapena zinayi?" Ife tikuti funso lachitatuli n'lolemera ngati awiri aja, chifukwa ndi limene limabweza ana kunyumba chaka chisanathe.

Kuno ku Kanakantapa tinaziona ndi maso. Mtsikana wina wa m'dera lathu, wofatsa, wozolowera kugona msanga, anapeza malo pa koleji ina mu Lusaka. Atate ake anagulitsa ng'ombe ziwiri. Maphunziro sanamuvute. Chinamuvuta ndi chipinda cha boarding house chogonamo anthu asanu ndi mmodzi, nyimbo mpaka mbandakucha, ndi anzake omuseka kuti ndi wakumudzi chifukwa sapita kukamwa Lachisanu. Analibe powerengera, analibenso womuuza zakukhosi. Temu yachiwiri sanabwerereko, ndipo ng'ombe zija zinapita basi.

Mbiri ya malo athu omwewa imatiphunzitsa zomwezo. Boma linatsegula Kanakantapa mu 1988 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apatsidwe minda. Nthaka inali imodzi, mvula imodzi, koma akuluakulu athu amatiuza kuti ena anakhazikika pomwe ena anabwerera kukomboni, poti moyo wa kumunda sunali wawo. Malo abwino kwa mnzako angathe kukhala ndende kwa iwe, ndipo ku koleji n'chimodzimodzi.

Tiyeni tione masukulu amene timawadziwa. UNZA, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ili ngati tauni payokha: anthu zikwizikwi, ndale za UNZASU, ma monk ndi ma moma, macheza a ku Goma Lakes. Malo ogona ndi ochepa kuposa ophunzira, n'chifukwa chake ambiri amapanikizana m'zipinda za anzawo kapena kuchita lendi ku Kalingalinga ndi ku Kalundu. M'kalasi la anthu mazanamazana palibe adzadziwa kuti simunabwere. Wodziwa kudzidzutsa yekha ndi kufunsa mopanda manyazi amakula msanga kumeneko. Wodikira kuti wina amukumbutse angasochere.

Chalimbana University, kuno kwathu ku Chongwe, inayamba mu 1939 ngati sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Ili kunja kwa tauni, kwa zii, ndipo ena mwa ophunzira ake ndi aphunzitsi apantchito kale, anthu a mabanja awo. Wokonda bata adzawerenga bwino. Amene Loweruka lake silitha osafika ku East Park kapena ku Arcades adzayamba kuwerenga masiku m'malo mwa mabuku. Evelyn Hone College, pa Church Road, ili pakati peniyeni pa mzinda, pafupi ndi Intercity: zonse zili pakhomo, zothandiza ndi zosokoneza zomwe. Ku NRDC ndi ku Palabana, kumene amaphunzitsa za ulimi ndi ziweto, magambutsi ndi ndowe ndi mbali ya maphunziro. Ku Rusangu University ku Monze, ya mpingo wa Adventist, Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, ndipo mowa n'ngoletsedwa. Palibe sukulu yoipa pamenepa. Iliyonse ili ndi khalidwe lake, monga inunso muli ndi lanu.

Khalidwelo simungalione pa Facebook kapena pa pepala lokongola lotsatsa sukulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani nokha, tsiku wamba pakati pa sabata, osati tsiku limene asesa pabwalo poyembekezera alendo. Lowani mu hostelo muwerenge matiresi m'chipinda chimodzi. Tsegulani mpopi, suzumirani m'chimbudzi. Onani ngati mu laibulale muli mpando wopanda munthu madzulo. Werengani zomatidwa pa bolodi: kodi ndi za mpira, za mapemphero, za ndale kapena za madansi? Kenaka pezani wa chaka chachiwiri, amene chidwi cha uchilendo chinamuthera kale, mumufunse: Lachisanu usiku kumachitika chiyani kuno? Wopanda ndalama amadya bwanji? Munthu akadwala kapena akasokonezeka maganizo amapita kwa ndani? Mtsikana akavutitsidwa amakanena kuti, ndipo amamveredwa?

Mukabwerera kunyumba dzifunseni inunso mosanamizira. Kodi ndimatha kuwerenga pali phokoso? Anzanga akandikakamiza, ndimatha kukana? Malamulo okhwima amandithandiza kapena amandipsetsa mtima? Ngati simukudziwa, funsani amayi kapena aphunzitsi amene anakuonani zaka zonsezi. Adzakuuzani zoona, ngakhale zowawa.

Tikudziwa zimene ena anganene: wosauka sasankha, amapita kumene wapeza malo ndi ngongole ya HELSB kapena thandizo la CDF. N'zoona. Koma ngakhale khomo litakhala limodzi, kudziwiratu zam'kati kumapulumutsa. Mtsikana uja akanaona chipinda chija asanalipire, akanafuna nyumba ina yogonamo anthu ochepa, kapena akanayamba wapeza anzake a mpingo wake pa sukulupo. Ena adzanenanso kuti koleji iyenera kukusintha, osati kukusisita. Tikuvomera. Wamanyazi ayenera kuphunzira kuyankhula pagulu, ndipo wokonda macheza ayenera kuphunzira kukhala pansi ndi buku. Koma pali kusiyana pakati pa malo okulimbitsa ndi malo okuthyola. Ngati mukuona kuti kumeneko simudzagona, simudzadya, ndipo simudzakhala ndi munthu mmodzi yemwe woyankhula naye, kumeneko si kokulira.

Kwa makolo, pempho lathu n'laling'ono. Musanagulitse ng'ombe kapena matumba a chimanga, tulutsani ndalama ya basi. Kuchokera ku Chongwe kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, munthu amapita m'mawa n'kubwera madzulo. Mwana apite akaone, akafunse, abwere adzakuuzeni. Safunsa anadya phula, ndipo masiku ano phulalo limagulidwa ndi fizi ya temu yonse.