Njira Yachete Yokwerera Phiri

Mwana aliyense wa ku Mchinji alidziwa phiri loyang'anana ndi Boma lathu. Pa dzinja likhala lobiriwira, ndipo pa malimwe liyera ndi udzu wouma. Ambiri a inu mwafunsa kale mumtima kuti, "Kodi pamwamba pajapo pali chiyani?" Funso ili nlabwino, pakuti phiri silidziwika ndi munthu wongolipenya ali m'munsi. Koma pali funso lina loyenera kuyamba, ndilo lakuti, tikwere ndi njira iti?

Phiri lalikulu lililonse lili ndi njira zingapo. Ina ndiyo ya anthu ambiri, yopondeka bwino ndi yachidule. Ina ndiyo yaing'ono, yozungulira, yopitamo anthu owerengeka. Ine nditi njira yachiwiriyi ndiyo yopambana. Kuti mumve bwino zifukwa zake, tiyambe taona phiri loposa onse m'dziko lathu, ndipo pambuyo pake tidzabwerera ku phiri la kwathu.

Phiri limenelo ndilo Mulanje, lokhala kutali kum'mwera, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Nsonga yake yaitali itchedwa Sapitwa, ndipo msinkhu wake ndi mamita 3,002 kuyambira pa nyanja yamchere. M'Malawi monse mulibe malo ena okwera chotere. Pamwamba pa phirilo anamangapo tinyumba togonamo apaulendo, ndipo kanyumba koyandikana ndi Sapitwa dzina lake ndi Chisepo.

Alendo ambiri ayambira ulendo wao pa Likhubula, kumadzulo kwa phiri. Apo mpamene pali otsogolera ndi amtengatenga ochuluka, ndi mathithi otchuka a Dziwe la Nkhalamba. Munthu wamphamvu woyambira pamenepo akhoza kuponda Sapitwa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Koma ilipo njira ina yoyambira ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe. Wodzera kumeneko agona ku Sombani, napitirira ku Chinzama ndi ku Thuchila, nafika ku Chisepo, ndipo Sapitwa amponda patapita masiku 4 kapena kuposa. Njira iyi njotalika, koma akumana ndi anthu pang'ono.

Chifukwa choyamba chosankhira njira yotere nchakuti woyenda mwakachetechete aona zambiri. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Anthu akakhala ambiri pa njira, afuula, aseka, athamangitsana, ndipo zamoyo zonse zithawa iwo asanafike. Koma anthu anai kapena asanu oyenda mofatsa apeza mbira zikuothera dzuwa pa thanthwe, namva kulira kwa mbalame za m'nkhalango, naona maluwa omera m'ming'alu ya miyala. Ku Chinzama aona timifuleni tating'ono tosonkhana kukhala mtsinje wa Ruo. Wofulumira kunka ku nsonga abwera ndi mau amodzi okha, akuti, "Ndinafika." Wodekha abwera ndi nkhani zokamba madzulo ambiri.

Chifukwa chachiwiri nchakuti njira zakale zisunga mbiri. Pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese pali mpata, ndipo pa mpata umenewo ogula anthu anali kupitikitsa akapolo kunka nao ku nyanja yamchere. M'chaka cha 1893 anamangapo linga la Fort Lister kuti atseke njira yoipayo, ndipo mabwinja ake alipo kufikira lero. Mwana wa ku Mchinji sadzadabwa ndi dzina lotere, popeza Boma lathu lomwe linatchedwa Fort Manning kale, chifukwa cha linga limene linamangidwa itatha nkhondo ya Angoni a Mpezeni ya m'chaka cha 1898. Woyambira ulendo pa mabwinja aja akwera phiri alikukumbukira anthu amene anapita pompo ali omangidwa m'magoli.

Chifukwa chachitatu nchakuti phiri nalo litopa. Njira ikapondedwa ndi mapazi ambiri, udzu ufa, nthaka ikhala poyera, ndipo mvula ikadza madzi atsata njirayo naikumba kufikira isanduka chigwembe. Pogona anthu ambiri pafunika nkhuni zambiri, ndipo patsala zinyalala. Mulanje wavutika kale: mkungudza wa ku Mulanje, umene uli mtengo wa fuko lathu, sumera wokha kwina kulikonse kupatula m'mapiri a kumeneko, koma ocheka matabwa anadula pafupifupi mitengo yonse yaikulu, kotero kuti tsopano anthu alikubzala ina. Alendo akagawikana m'njira zingapo, katundu wa phiri apepuka. Ndiponso anyamata a m'midzi ya ku Phalombe apeza ntchito yotsogolera ndi yonyamula akatundu, ndalama sizithera pa chipata chimodzi.

Tsono wina adzati, "Njira yanuyo njaitali, ifuna kamba wambiri ndi ndalama zambiri." Anena zoona. Koma kukwera pang'onopang'ono kusunga mphamvu. Wokwera phiri lonse tsiku limodzi afika miyendo ilikunjenjemera, ndipo munthu wotopa ndiye aterereka pa thanthwe. Wogona m'njira kawiri kapena katatu afika pa nsonga ali ndi mphamvu yotsikira, pakuti ulendo wa ku phiri suthera pamwamba koma pakhomo pa nyumba.

Wina adzatinso, "Njira yopanda anthu njoopsa, ukasokera adzakupeza ndani?" Mau awa ngolemera, ndipo muwasunge. Njira yachete si njira ya munthu mmodzi. Ku Mulanje kumagwa nkhungu yozizira yotchedwa chiperoni, makamaka m'miyezi ya chisanu, ndipo ikafika munthu sakhoza kuona ngakhale mnzake ali pafupi. M'chaka cha 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womtsogolera wake napitirira yekha kunka ku Sapitwa. Nyengo inasintha, iye anasokera, nafa ndi kuzizira, ndipo mtembo wake unapezeka atapita masabata oposa awiri. Safunsa anadya phula. Makolo amene anatcha nsongayo dzina lakuti Sapitwa anadziwa kuti si malo opitako mwachibwana. Chifukwa chake wosankha njira yachete ayenera koposa onse kutenga munthu wodziwa phiri, ndi kummvera akati, "Lero tibwerere."

Tibwere tsopano kwathu. Phiri la Mchinji silifika pa msinkhu wa Mulanje, koma malamulo ake ndi omwewo. Nkhalango yake inapatulidwa ndi Boma m'chaka cha 1924 kuti isungike, pakuti timitsinje totsika m'mapiri athuwa tithira madzi mu Bua, mtsinje umene upita ku Nkhotakota nukathira m'Nyanja ya Malawi. Wotentha phiri lino alanda madzi anthu amene sanawaonepo. M'munsi mwa phiri muli njira zotakata zimene anaponda otola nkhuni ndi ootcha makala, ndipo m'mbali mwa njira zimenezo muona zitsa ndi phulusa. Munthu wofuna kudziwa maonekedwe a nkhalango ya makolo, ya misuku ndi mitondo ndi miwanga, ayenera kutsata kanjira kakang'ono kolowa kumene nkhwangwa sinafike kwambiri.

Mukafuna kukwera, musapite nokha ayi. Pemphani aphunzitsi anu kuti akapemphe chilolezo kwa osunga nkhalango, ndi kupeza munthu wamkulu wa m'mudzi wa patsinde pa phiri kuti akutsogolereni. Mukhale kagulu kakang'ono, pakuti sukulu yonse ikalowa m'kanjira kachete, ketere kake katha tsiku lomwelo. Mulawire mame asanaume. Mutenge madzi akumwa ndi mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga, koma machesi ndi malegeni muzisiye kunyumba. Wamng'ono ndi wofooka aziyenda patsogolo pafupi ndi mtsogoleri, kuti ulendo uyende monga mwa mphamvu yake. Mukapeza chisa, muchipenye ndi maso okha. Ndipo dzuwa likapendeka muyambe kutsika, mungakhale simunafike pamwamba, popeza phiri silisamuka.

Mukafika pa nsonga, khalani pansi, mutonthole kanthawi. Mudzaona minda ya chimanga, mtedza ndi fodya itayalika m'chigwa, ndi mseu waukulu wonka ku Lilongwe, ndi mapiri a ku malire a Zambia kumadzulo. Pamenepo aphunzitsi akufunseni maina a mitengo ndi mbalame zimene mwaona m'njira. Amene adzatchula zambiri ndiye wakwera phiri koposa anzake, angakhale anafika m'mbuyo mwa onse. Ndipo ena a inu mukadzakula ndi kufika ku Mulanje, mudzafunse njira ya ku Fort Lister, mudzatenge mtsogoleri, nimudzayende mofatsa monga munaphunzira pa phiri la kwanu.